Wodwala matenda a m'maganizo naye afunsidwe za mankhwala ake

Inu amene mumasamalira m'bale wodwala matenda aakulu a m'maganizo, monga schizophrenia kapena bipolar, taganizani za tsiku lokaonana ndi adokotala. Kawirikawiri gadiyani ndiye amayankha mafunso onse, mwiniwake ali duu ngati akukamba za munthu wina. Mumatero chifukwa cha chikondi, komatu thupi lolandira mankhwalawo ndi lake.

Ambiri amene amasiya mankhwala si amwano ayi. Mankhwalawo amakhala ndi zovuta zake: chlorpromazine amabweretsa tulo tambiri. Haloperidol amatha kuumitsa khosi ndi miyendo, kunjenjemeretsa manja, pena dovu n'kumachucha. Mnyamata wa kabaza ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu amene akusinza panjinga, kapena mayi wa mumsika wa Zigwagwa amene manja akunjenjemera popereka chenji, akapanda kufunsidwa amangoyamba kubisa mapiritsi kunsi kwa mphasa, matenda n'kuyambiranso. Pomwe akanafotokoza yekha, njira zilipo. Adokotala angachepetse mlingo, angasinthe kuti azimwa usiku, angawonjezere benzhexol wothetsa kuumako, kapenanso angamuike pa jakisoni wa fluphenazine amene amabaya pakapita milungu ingapo. Wina amakondwera naye jakisoniyu poti savutika kukumbukira, wina amaopa singano, ndipo onse awiri ali ndi zifukwa zomveka. Kwa mayi amene akumwa sodium valproate koma akufuna kubereka, nkhaniyi njofunika kwambiri, chifukwa mankhwalawa amatha kulumaza mwana m'mimba. Anene msanga kuchipatala, asangosiya yekha.

Mukapita naye kuchipatala cha St John of God kapena ku Mzuzu Central Hospital, musiyeni ayambe kulankhula ndi iye, inu muwonjezere pambuyo. Ngati amamasuka m'Chitumbuka kapena m'Chitonga, afotokoze m'chomwecho. Akafuna kutsala yekha ndi adokotala, tulukani mosanyinyirika; pali zina, monga kuchepa mphamvu m'banja chifukwa cha mankhwala, zimene sangazinene pamaso pa amayi ake.

Nthawi yabwino yogwirizana ndi pamene ali bwinobwino. Khalani pansi mulembe papepala losunga pamodzi ndi buku la kuchipatala: zizindikiro zimene iye amaziona matenda akamayandikira (ambiri amayamba ndi kusowa tulo), amene akufuna aitanidwe, amene asunge ndalama ndi ana ake, komanso mankhwala amene adamuvutapo kale. Alembe m'mawu ake, ngakhale zina musagwirizane nazo.

Zoona, ilipo nthawi imene munthu amasokonezeka mpaka kuika moyo wake kapena wa ena pachiswe, ndipo ena amayenera kuchitapo kanthu mwachangu. Apo thamangirani kuchipatala, osati kumumanga zingwe m'nyumba. Koma akatsitsimuka mufotokozereni zomwe zidachitika, ndipo mum'bwezere mphamvu zake. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, lomwe Ndime 12 yake imati anthuwa azithandizidwa kupanga ziganizo zawo. Maganizo akale omugamulira wodwala chilichonse, a nthawi ya lamulo la Mental Treatment Act la 1948, ndi ofunika kuwasiya.

Tsiku la sikelo yake ya mankhwala lisanafike, mufunseni chimene chikumusautsa kwambiri pa mankhwala amene akumwa, mulembe, ndipo akachinene yekha kwa adokotala.