Nsomba za m'nyanja yamchere: musanapatse galu wanu

Galu amakonda nsomba, koma yaiwisi yongowedzedwa kumene musamupatse. Nsomba zambiri za m'nyanja yamchere, monga snoek ya ku Cape Town, zimakhala ndi tinyongolotsi ta Anisakis m'matumbo, ndipo nsomba ikafa timatha kulowa mumnofu. N'chifukwa chake muyitumbule pomwepo, muone ngati sinameze mbedza, muyiike pa ayezi.

Muyiwiritse m'madzi okhaokha mpaka mnofu uyere n'kumanyenyeka, kutentha kwa mkati kufike madigiri 63 a Celsius. Mchere ayi, mafuta ayi. Anyezi ndi adyonso ayi, amawononga magazi a galu. Ikazizira, inyenyeni ndi zala n'kuchotsa minga yonse, makamaka ing'onoing'ono ya m'mbali mwa msana, chifukwa ndi imene imabaya pakhosi. Kuphika kumaphanso michere yotchedwa thiaminase, imene imapezeka mu sardine ndi herring zaziwisi ndipo imawononga vitamini B1 ngati galu azidya kawirikawiri. Ofuna kupereka yaiwisi ayisunge mufiriza pa madigiri -20 kwa masiku 7, ngakhale kuwiritsa n'kodalirika kwambiri.

Tuna kapena mackerel yomwe yakhala padzuwa itayeni basi. Imapanga poizoni wotchedwa histamine, ndipo moto sumuchotsa. Blaasop, nsomba yodzitupa ija, ndi yakupha. M'mphepete mwa nyanja galu asaitole n'komwe. Shark ndi swordfish zili ndi poizoni wa mercury wambiri, choncho zipeweni.

Yambani ndi supuni imodzi kapena ziwiri, kamodzi kapena kawiri pamlungu. Akayamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena kudzandira, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto.