Kuthetsa kugogoda kwa injini ya Alfa Romeo 156

Alfa Romeo 156 ya injini ya 2.0 Twin Spark ikamalira ngati ya dizilo poiliza m'mawa, vuto kawirikawiri limakhala variator, kachipangizo kosintha nthawi yotsekulira ma valve, kokhala kumapeto kwa camshaft (chitsulo chozungulira chotsekula ma valve) ya mbali yolowera mpweya. Kamayendera mphamvu ya oilo, ndipo kakatha m'kati kamangoti gogogo.

Yanga itayamba kugogoda, ndinayambira ku oilo, poti injini imeneyi imamwa oilo ndithu. Ndinathira 10W-40 watsopano n'kusintha fyuluta, koma phokoso silinathe.

Variator simungaifikire osachotsa lamba wa timing, choncho posintha variator ndinasinthira limodzi lambayo, tensioner (chokungira lamba), lamba wa balance shaft (chitsulo chochepetsa kunjenjemera kwa injini) ndi pampu ya madzi. Apa pasakhale zongoyerekeza. Pisitoni yoyamba ifike pamwamba penipeni, kenako mangani ma camshaft onse awiri ndi cam locks (zitsulo zogwira camshaft kuti isasunthe) za injini ya 2.0, osati za 1.8. Mukaphonya pang'ono, galimoto imafooka pokwera mtunda.

Tsopano ikungolira mawu ake okoma aja, amene amachititsa munthu kuisungabe galimoto yotuluka mu 1997. Lamba wa timing asapitirire zaka 3 kapena makilomita 60,000. Akaduka, ma valve amapindika.