Mota ikapsa, musathamangire kugula musanaone kamangidwe kake

Mota ya magetsi ikapsa ntchito yonse imaima, ndipo aliyense amafuna kuti ina ilowepo tsiku lomwelo. Ambiri timangowerenga ma kW ndi liwiro pa kachitsulo ka pambali pa mota, n'kupita kukagula. Ikafika, mabowo a mabawuti sakukumana. Amisiri anzanga, pa kachitsulo komweko pamakhalanso zilembo zimene timakonda kuzidumpha, monga IM B3, B5, B14 kapena B35, ndipo ndi zimene zimanena mmene motayo imamangidwira pamakina.

B3 ndi ya miyendo. B5 ili ndi flanje (mbale yozungulira yomangira mota pamakina) yaikulu kumaso, ya mabowo amene bawuti imadutsa mpaka kuseri. B14 flanje yake ndi yaing'ono ndipo mabowo ake ali ndi mazinga. B35 ili ndi zonse ziwiri, miyendo ndi flanje yaikulu, n'chifukwa chake nthawi zambiri imatha kulowa m'malo mwa B3 kapena B5, bola miyendoyo kapena flanjeyo isagunde china chake.

Kenako onani nambala ya fulemu, thunthu la motayo. Pa mota za IEC, zotsatira muyezo wa mayiko ambiri, nambalayi ndi mamilimita ochokera pansi pa miyendo kufika pakatikati pa shafti, chitsulo chotuluka mu mota chimene chimazungulira. Fulemu 90 shafti yake imakhala yonenepa 24 mm, 100 ndi 112 imakhala 28 mm, pamene 132 ndi 38 mm. Mota za muyezo wa NEMA, zofala ku America, zimayezedwa ndi mainchesi: shafti ya fulemu 145T ndi pafupifupi 22.2 mm, ndiye mu kapulingi (cholumikizira mashafti awiri) ya 24 mm imangogwedera.

Pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa flanje. Mabawuti ntchito yawo ndi kugwira basi. Chimene chimaika shafti pakatikati penipeni pa giyabokosi kapena pampu ndi mlomo wozungulira wa pa flanje umene umalowa mothina m'makinamo. Pa B5 ya fulemu 90 mlomowu ndi 130 mm, ndipo mabowo ali pa mzere wozungulira wa 165 mm. Choncho kukuza mabowo ndi tupa kuti mota ingolowa n'kuwononga makina. Idzazungulira ndithu, koma mabeyaringi azitentha, kapulingi izidyeka, ndipo posakhalitsa mudzaimitsanso ntchito. Ngati pakufunika mbale yolumikizira, isemedwe pa lefu (makina osemera zitsulo) ndi muyeso wolondola, osati yodula ndi moto. Mota zina, makamaka za aluminiyamu, miyendo yake imamasuka ndipo chivundikiro cha kumaso chimatha kusinthidwa ndi flanje ya kampani yomweyo. Njira imeneyi ndiyo ndimaikhulupirira kuposa zongolumikiza.

Mota yogona mukafuna kuiimiritsa shafti italoza pansi, kumene pa mota ya flanje yaikulu kumatchedwa V1, funsani kaye opanga ngati mabeyaringi ake angasenze kulemera kotsikira pansiko. Timabowo totulutsira madzi tikhale kumunsi, ndipo pamwamba pa fani pakhale chotchinga kuti madzi ndi zinyalala zisagweremo.

Pa mota ya miyendo, onetsetsani kuti miyendo yonse inayi yaponda musanamange. Umodzi ukalendewera, ikanipo mashimu (tizitsulo topyapyala todzazira mpata), musaukoke ndi bawuti chifukwa fulemu imapindika.

Zonsezi muchite magetsi atazimitsidwa ndipo switchi itakhomedwa ndi loko, kiyi ali m'thumba mwanu. Mukamaliza, yatsani motayo payokha musanalumikize kapulingi kapena lamba, muone kumene ikuzungulira. Ikamabwerera m'mbuyo pa magetsi a mafezi atatu, zimitsani, khomaninso loko, n'kusinthanitsa mawaya awiri.