Laputopu yakale ikayamba kukwawa mutaikamo Windows yatsopano

Tsiku loyamba musaiweruze. Windows ikangokwezedwa, makina amakhala ndi ntchito yambiri imene simukuiona: akulemba mafayilo onse m'kaundula wa Search, akukoka ma update otsala, ndipo Defender, antivirus yobwera ndi Windows, nayo ikusanthula diski yonse. Ilumikizeni ku magetsi, isiyeni yoyaka usiku umodzi ili pa intaneti, m'mawa mudine Restart. Musagwiritse ntchito Shut down pamenepa, chifukwa Fast Startup (njira ya Windows yofulumizitsa kuyaka) ikakhala yoyatsa, Shut down imasunga mbali ina ya Windows pa diski, ndipo mukayatsanso vuto lomwe linalipo limadzuka nayo limodzi.

Dziwiranitu chinthu chimodzi. Muli ndi masiku 10 okha obwerera ku Windows yakale, kudzera pa Settings, System, Recovery, kenako Go back. Njirayi imadalira foda yotchedwa Windows.old, choncho musaifufute kufikira mutatsimikiza kuti simubwerera, ngakhale ikudya malo ambiri.

Laputopu ikapitirizabe kuchedwa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Performance. CPU (purosesa, ubongo wa makina), Memory (RAM, mosungira zimene makina akugwiritsa ntchito panthawiyo) ndi Disk ndi zimene zikuuzeni pamene pathina. Ziyang'aneni pa nthawi yomwe laputopu ikuvutikayo, osati itangokhala phee.

Pa makina akale, wolakwa kawirikawiri ndi diski. Mukaona Disk ili pa 100% kwa mphindi zambiri pamene CPU ili pansi, onani ngati palembedwa HDD. Diski yamtunduwu ili ndi mbale zozungulira, zambiri pa liwiro la maulendo 5400 pa mphindi, ndi kamutu komwe kamayendayenda kufunafuna fayilo iliyonse. Windows 10 ndi 11 zimawerenga timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri nthawi imodzi, ndiye kamutuko sikapuma. Mungazimitse izi ndi izo, koma mankhwala enieni ndi kuikamo SSD, diski yopanda mbale zozungulira, ya mtundu wa SATA ya mainchesi 2.5. Imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi pamene HDD imazungulira pa 100 MB, ndipo pa timafayilo tating'ono kusiyanaku ndi kwakukulu kuposa pamenepo. Ya 256 GB imakwana ntchito za tsiku ndi tsiku. Musanamasule zomangira, koperani mafayilo anu kwina, ndipo ngati BitLocker, loko ya Windows yokhomera diski, ndi yoyatsa, lembani penapake kiyi yake ya manambala 48. Ndi bwinonso kuyesa diski yakaleyo ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution, diskiyo yayamba kufa, ndipo kukweza Windows kwangoulula matenda amene analipo kale.

Memory ikamakhala pamwamba pa 85% mutangotsegula browser yokha, RAM yachepa. Windows 11 imalola 4 GB, koma kulola si kukwana: RAM ikadzaza, Windows imayamba kubwereka malo pa diski, n'chifukwa chake mavuto awiriwa amayendera limodzi. Kwezani ifike 8 GB. Pa tsamba lomwelo la Memory pamalembedwa kuchuluka kwa malo olowetsamo RAM ndi omwe agwiritsidwa kale ntchito. Gulani RAM ya malaputopu, yotchedwa SO-DIMM, ya mtundu wogwirizana ndi makina anu. DDR3 ndi DDR4 sizilowana, kampata kake kali posiyana, ndipo makina ofuna DDR3L ya 1.35 V akhoza kukana DDR3 wamba ya 1.5 V. Malaputopu ena opyapyala RAM yawo ndi yowotcherera pa bolodi, moti singawonjezedwe.

CPU ili ndi nkhani ziwiri. Ikakhala pa 100%, pitani pa Processes muone pulogalamu imene ikudya mphamvu. Nthawi zina ndi antivirus yakale imene inatsala, ikulimbana ndi Defender. Ichotseni, imodzi ndi yokwanira. Koma mukaona liwiro lake latsikira pansi pa 1 GHz ndipo silikukwera ngakhale pali ntchito, ndiye kuti purosesa ikudzichepetsa dala. Zimachitika ikatentha kufika cha m'ma 90 mpaka 100 °C, kapena ngati makina sakuzindikira chaja. Yesani chaja china cha mawati oyenera. Ngati fani ikulira mosalekeza, zimitsani, chotsani batire, tsegulani pansi, mupemerere fumbi lomwe lamatirira pa timazenera totulukira mpweya. Gwirani fani ndi chala pochita izi kuti isazungulire mopyola muyeso. Thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa, ikakhala zaka zambiri imauma n'kukhala ngati choko. Ipukuteni ndi isopropyl alcohol, muike yatsopano yochuluka ngati njere ya mpunga.

Sikirini ikamadukiza kapena mavidiyo akamakakamira, tsegulani Device Manager muone pa Display adapters. Mukapeza Microsoft Basic Display Adapter, driver yeniyeni (kapulogalamu koyendetsa chipangizo chojambula zithunzi) sinalowe, ndipo purosesa ikusenza yokha ntchito yojambula zithunzi. Tengani driver pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo, kapena la Intel, AMD kapena Nvidia. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi apeweni.

Zotsalazi n'zachangu. Pa Startup apps mu Task Manager, zimitsani zonse zomwe simuzifuna poyatsa. Power mode ikhale pa Best performance pamene muli pa magetsi. Siyani malo opanda kanthu okwana 20 GB kapena kuposerapo pa diski C. Ngati mukukayikira kuti mafayilo a Windows anaonongeka pokweza, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ikamaliza mulembe sfc /scannow.

Pali makina ena amene sanayenere kulandira Windows 11 n'komwe. Microsoft imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Ngati munaikakamiza pa laputopu yakale kuposa apa, kubwerera ku Windows 10 kuli ndi vuto lake, poti chithandizo chake cha nthawi zonse chinatha pa 14 Okutobala 2025. Makina otere amapepukidwa ndi Linux Mint Xfce, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows. Iikeni pa flash ya 4 GB kapena yokulirapo, muiyendetse kuchokera pa flash pomwepo osakhudza diski, muone ngati Wi-Fi, mawu ndi kamera zikugwira musanadine Install.