Momwe mungaperekezere alendo ku miyambo ya kuno popanda kuisandutsa malonda

Alendo ambiri ofika mu Chipata, kuno ku Zambia, amakhala ali paulendo wa ku Mfuwe kukaona nyama za ku South Luangwa, kapena angolowa kumene kuchokera ku Malawi kudzera pa Mwami, ndipo sakhalitsa. Poona changu chawocho, eni malo ogona alendo amakopeka kuwakonzera gule wa mphindi zochepa pakhonde la hotela, nyimbo n'kudulidwa, ng'oma n'kumalira pa nthawi ya chakudya chamadzulo, mpaka ana okulira mumzinda amayamba kuyesa kuti mwambo ndi womwewo. Woperekeza alendo angathe kupewa zimenezi ngati alola kuti mlendo ndiye atsate mwambo.

Muuzeni mlendoyo masiku a miyambo asananyamuke kwawo. Nc'wala ya Angoni, imene inayambiranso mu 1980, imachitika ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zoyamba kucha za m'munda. Kulamba kumachitika ku Mkaika, m'boma la Katete, Loweruka lomaliza la Ogasiti, ndipo mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Wobwera miyezi ina muuzeni zoona kuti mwambowo kulibe.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pa Gule Wamkulu, amene mbiri yake inafika kutali bungwe la UNESCO litamuzindikira mu 2005. Gule amatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, choncho musamuitanitse ngati katundu wa m'sitolo. Yambani mwakaonekera kwa anyakwawa a mudziwo, mufotokoze za alendo anu, ndipo akavomera muwakhazike pamene mwalozeredwa pabwalo. Mlendo asayandikire kudambwe, asafunse kuti wavala chigobacho ndani, pakuti pabwalo pamavina chilombo osati munthu, ndipo Kasiyamaliro akamadutsa apatuke monga achitira eni mudzi. Chithunzi ajambule atapempha, makamaka pa maliro, chifukwa chikangofika pa Facebook palibenso angachibweze. Amayi avale chitenje, chimene angagule pamsika wa Kapata m'mawa womwewo.

Ndalama nazo zimasintha mwambo msanga. Kusupa gule n'kololedwa, koma mlendo asachite kuitanitsa kuti chilombo chibwereze kavinidwe kamene kamusangalatsa, ndipo pogawa musaiwale oimba ng'oma ndi amayi oimba nyimbo, amene kawirikawiri amabwerera kunyumba chimanjamanja ngakhale kuti popanda iwo bwalo silitentha.

Pa Nc'wala alendo amasirira zikopa ndi zishango za ovina ingoma. Alangizeni kugula mikanda, madengu kapena ziboliboli kwa amene wazipanga, ndipo muwachenjeze kuti chikopa cha nyama yakutchire sichituluka m'dziko muno popanda chilolezo cha boma.