Momwe mungasankhire ndi kutchuna njinga ya munthu wophunzira kumene

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje chitunda sichivulaza wophunzira njinga. Chikamukanika amatsika n'kumakankha. Chovulaza ndi mtsetse, pamene njinga yayamba kuthamanga yokha, mabuleki sakugwira, miyendo nayo sikufika pansi. Choncho kaya mukugulira mwana wasukulu, kaya mayi woti azipita nayo kumsika ku Luchenza, kaya mnyamata woyamba kabaza, funsani zinthu ziwiri musanafunse mtengo. Kodi mwiniwakeyo aziponda pansi ali pachishalo? Nanga njingayo iziima iye akafuna kuti iime?

Yambani ndi msinkhu wa mwiniwake

Kukula kwa njinga yakapalasa kumalembedwa m'mbali mwa tayala. Mwana wa zaka 4 mpaka 6 kawirikawiri amakwana pa matayala a mainchesi 16, wa zaka 6 mpaka 9 pa 20, wa zaka 9 mpaka 12 pa 24. Akuluakulu ndi 26 kapena 28. Komabe zaka n'zongoyerekezera, ana sakula mofanana. Pitani naye kogulako. Aimirire njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Pakati pa thupi lake ndi chitsulo chapamwamba cha felemu pazitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Mpatawo ukapanda kukhalapo, njingayo yamukulira.

Mawu oti "adzakula nayo" muwasiye kunyumba. Mwana wopatsidwa njinga ya bambo ake amalowetsa mwendo pansi pa felemu, thupi lonse lili mbali imodzi, zala sizikufika pa buleki. Pabwalo amayenda ndithu, koma pamtsetse alibe choimitsira. Kwa amayi ovala siketi kapena chitenje, felemu yotsika pakati ndiyo yabwino, chifukwa amatsika msanga zinthu zikavuta.

Mtundu wake

Njinga zakuda zija za 28, za mtundu wa Humber ndi Hero, n'zolimba ndipo zipangizo zake sizisowa pa Bvumbwe, pa Chitakale kapena pa Limbuli. Vuto lake n'zolemera, giya ndi imodzi, ndipo mabuleki ake a timitengo tachitsulo amagwira limu yachitsulo. Limu imeneyi ikanyowa ndi chiperoni, mumafinya buleki njinga n'kumapitabe kaye isanayambe kumva. Njinga ya mtundu wa Buffalo imalemera kupitirira makilogalamu 20, keliyala yake imasenza makilogalamu 100, ndipo zambiri zimaima mukapalasa chobwerera m'mbuyo. Buleki yotereyi ili m'kati mwa habu, mvula ndi matope siziyisokoneza, koma pamtsetse wautali imatentha, ndipo wophunzira ayenera kuizolowera kaye.

Ngati njingayo si yonyamulira matumba a chimanga kapena nanazi, ife timalangiza mountain bike yakaunjika ya matayala a 26. Ndi yopepuka, magiya amathandiza pachitunda, matayala ndi machubu ake savuta kupeza. Zotchipa zokhala ndi sipuling'i pakati pa felemu zilekeni. Zimaoneka bwino koma zimangodya mphamvu ya wopalasa.

Njinga yogula kwa munthu muiyendere motere. Nyamulani gudumu n'kulizunguliza: limu ikamavina, masipoko ndi omasuka kapena limu inapindika. Ligwedezeni cham'mbali, likamagogoda ndiye kuti mabelingi a m'habu atha. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku kuti mumve ngati pakhosi pakusewera. Penti yosweka kapena chitsulo chotupa kuseri kwa khosi chikutanthauza kuti njingayo inagundapo chinthu, imeneyo musagule. Mano a fuliwilo akasongoka ngati minga, werengeranitu ndalama ya fuliwilo ndi tcheni zonse ziwiri, poti tcheni chatsopano chimalumpha pa mano akale. Pomaliza lemberanani kalata yokhala ndi nambala ya felemu, pakhalenso mboni.

Chishalo chitchunidwe kawiri

Masiku oyamba tsitsani chishalo kufikira wophunzira ataponda pansi ndi mapazi onse ali chikhalire. Chotsani mapedulo ndi sipanala 15. Chenjerani apa, pedulo yakumanzere imamasuka mosemphana ndi nati wamba, ambiri amaiphwanya poikakamiza. Pitani naye pabwalo la mpira kapena pamalo otsetsereka pang'ono, osati m'misewu ya m'minda ya tiyi momwe mumadutsa mathirakitala. Azidzikankha ndi miyendo n'kumainyamula, maso ali kutsogolo osati pa tayala. Akamayenda mamita 15 kapena 20 osaponda pansi, n'kumaima ndi buleki pa mzere womwe mwalemba, bwezerani mapedulo. Mukamamuthandiza gwirani msana wake kapena keliyala. Mukagwira handulo ndiye kuti mukuwongolera ndinu, iye sakuphunzira kanthu.

Akazolowera, kwezani chishalo pang'onopang'ono, sentimita imodzi nthawi iliyonse. Muyeso wake ndi uwu: chidendene chikaponda pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke koma chiuno chisapendekeke. Akamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo limakhala lopindika pang'ono, ndipo m'mene ziyenera kukhalira ndi momwemo. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo pa zitunda zathuzi. Chitsulo cha chishalo chili ndi mzere wosonyeza polekezera. Mzerewo usatuluke m'felemu, ndipo ngati unafufutika siyani masentimita osachepera 7 m'kati. Chishalo chikhale chosaweramira kutsogolo kapena kumbuyo.

Mabuleki, apa ndiye pofunika kufatsa

Choyamba dziwani dzanja lomwe likugwira gudumu lakutsogolo. Njinga zakaunjika zimachokera m'maiko osiyanasiyana, zina buleki yakutsogolo ili kumanja, zina kumanzere. Wophunzira akafinya yakutsogolo yokha mwamphamvu ali pamtsetse, amauluka pamwamba pa handulo. Muphunzitseni kufinya zonse ziwiri mofatsa, thupi atalibweza m'mbuyo, ndiponso kuchepetsa liwiro asanafike pakona.

Timphira ta buleki tikhale mamilimita 2 kapena 3 kuchokera pa limu, mbali zonse mofanana, ndipo tigunde limu yeniyeni. Tikakwera kwambiri timadya tayala mpaka kuliphulitsa, tikatsika timalowa m'masipoko. Timizere ta pamphirapo tikafufutika, gulani tina. Mukafinya chogwirira, chiime chisanakhudze handulo, patsale mpata wa chala. Chikafika mpaka pa handulo, masulani bawuti yomanga kebulo, kokani kebulo pang'ono, mangani n'kuyesanso. Pa njinga yakuda mumamasula nati ya pa kamtengo kachitsulo, n'kukweza chitsulo chonyamula timphira, kenako kumanga. Kebulo yoduka tiwaya ngakhale tiwiri isinthidwe tsiku lomwelo. Kwa ana a manja aang'ono, zogwirira zambiri za mountain bike zili ndi kasikuluwu kobweretsa chogwiriracho pafupi ndi zala. Oyilo asagwere pa limu.

Zotsalazi n'zachidule. Tcheni cha njinga ya giya imodzi chizisewera pafupifupi sentimita imodzi pakati pake. Chikalendewera, masulani manati a gudumu lakumbuyo, likokereni m'mbuyo lili pakati bwinobwino, mangani. Chidonthezereni oyilo woyera n'kupukuta wotsala, chifukwa oyilo wambiri amasanduka phala ndi fumbi la katondo. Mpweya popani molingana ndi nambala yolembedwa pa tayala, tayala lofewa limatsina chubu pamiyala. Kotapini, bawuti ija yomangira mkono wa pedulo, ikayamba kugogoda ikhomedwe kaye ndi hamala kenako nati imangidwe, kukoka ndi nati yokha kumadula mazinga.

Ikakhala yamoto

Muyeso ndi womwe uja, miyendo. Atakhala pampando, zala za mapazi onse zifike pansi, kapena phazi limodzi liponde lonse njinga isanapendekeke kwambiri. Yamaha DT 125, AG 200 ndi Honda XL 125, zomwe alangizi amayendera m'midzi, zimakwanitsa misewu yafumbi ya ku Thekerani ndi Masambanjati, koma DT ndi XL n'zazitali kwa munthu wamfupi. DT ilinso ndi thanki yapadera ya oyilo wa 2T, wa injini amene amapsa limodzi ndi petulo, ikauma injini imagwirana. Zakabaza monga Boxer ndi Lifo n'zotsika ndipo n'zosavuta kuphunzirira, bola muike matayala a mano ngati muziyenda m'matope. Woyamba kumene asapitirire 125 kapena 150cc. Funsaninso kalowedwe ka magiya, chifukwa pa zina giya yoyamba ndi pansi zotsala m'mwamba, pa zina zonse ndi pansi.

Chogwirira kilatchi chizisewera mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga chisanayambe kulimba. Chikathina kilatchi imapsa pachitunda, chikamasuka kwambiri magiya amalowa mogogoda. Chopotokola cha moto chizisewera mamilimita 2 mpaka 6 ndipo chizibwerera chokha mukachisiya, ngakhale handulo itakhotera kumapeto. Chopondera buleki yakumbuyo chizitsika mamilimita 20 mpaka 30 chisanagwire. Tcheni cha njinga zakabaza chizisewera mamilimita 20 mpaka 30, koma cha zazitali zija chimafuna mpata wokulirapo chifukwa mashoko ake amatsika kwambiri, tsatirani zolembedwa m'buku la njingayo. Mashoko awiri akumbuyo akhale pa dzino lofanana, lofewa kwa munthu wopepuka woyenda yekha, lolimba ponyamula munthu kapena katundu.

Chizolowezi chozimitsa injini kapena kuika nyutulo pamtsetse pofuna kupulumutsa petulo wophunzira asachitengere kwa anzake a pasiteji. Atsike ndi giya 2, kilatchi ataisiya, injini izithandiza kugwira njinga. Mabuleki okha akagwira ntchito mtunda wautali amatentha n'kusiya kumva. Pa katondo wonyowa buleki yakutsogolo ifinyidwe pang'ono kwambiri, ndipo matope akadzaza pansi pa madigadi aime n'kuwakolopola ndi kamtengo gudumu lisanakanike kuzungulira.

Za mapepala musazitaye. Njinga yamoto imafuna kulembetsa ku Road Traffic, inshulansi, laisensi ya woyendetsa ndi chisoti chomangidwa lamba pachibwano, cha woyendetsa ndi cha wokwera. Ngati njingayo inalowera pa Muloza kuchokera ku Mozambique, onani mapepala a msonkho a MRA ndipo fananitsani nambala ya injini ndi ya felemu ndi zomwe zalembedwa.

Njinga yatsopano, yakapalasa kapena yamoto, imamasuka yokha m'masabata awiri oyamba: makebulo amatamuka, masipoko amafewa, manati amabwerera. Ibwezeni kwa wokonza akaimangenso, ndipo yamoto ithiridwe oyilo wina ikayenda makilomita 500 mpaka 1,000 oyamba.