Momwe mungadzutsire laibulale ya kwanu: komiti, kugogoda kwa akuluakulu ndi kusaka ndalama

Tsiku lomwe ndinatsegula katoni ya mabuku n'kupeza chiswe chadya kuyambira pansi mpaka pakati, mtima unandipweteka kwambiri. Anali mabuku abwinobwino, ena a sayansi ena a nthano za ana okhala ndi zithunzi, anabwera ngati thandizo, tsiku lolandira amayi anavina mafumu analankhula, kenako kachipinda ka laibulale komwe anaikidwa kanakiyidwa ndipo kiyi anapita naye munthu wina amene anasamukira boma lina. Madzinja awiri anadutsa. Titathyola loko uja, ukangonyamula buku limangoyoyoka dothi lofiira m'manja. Malowo sinditchula, koma kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kunena zoti vuto lathu ndi kusowa mabuku. Mabuku analipo, amene panalibe ndi anthu oti azifunsa kuti kodi kiyi ali kwa ndani, lero kwatsegulidwa, nanga denga likudonthali akonza ndani.

Ndiye ngati kwanuko kuli laibulale yomwe ikufa pang'onopang'ono ndipo zikukukhudzani, nazi zomwe mungachite, motsatana kwake.

Choyamba, pitani mukaone ndi maso ndipo mudziwe mwini wake

Musayambe ndi kutsegula gulupu ya WhatsApp ayi. Pitani kaye, khalani pansi ola limodzi kapena awiri, onani amene akulowa, yang'anani kudenga, suzumirani kuseri kwa mashelefu, funsani ngati chimbudzi chilipo. Kenako chezani ndi amene amayang'anira pamalopo mwaulemu, mumufunse chomwe chimamusowetsa tulo. Nthawi zambiri akuuzani zinthu zazing'ono zomwe simunaganizire n'komwe, mababu anapsa, mipando yatsala 9, mayunitsi a magetsi amatha pakati pa mwezi.

Mudziwenso kuti laibulaleyo ili m'manja mwa ndani. Kuno kwathu kuli National Library Service, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 n'kuyamba ntchito mu 1968, likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi maboma ena. Ngati ya kwanuko ndi nthambi yawo ndiye kuti ili kale ndi mabwana ake komanso bodi yake, inu mukubwera ngati abwenzi othandiza osati olamula, ndipo chilichonse muzidzera kwa oyang'anira nthambiyo. Koma ngati ndi ya pasukulu, ya pa TDC (malo ophunzitsirapo aphunzitsi a m'zoni), ya tchalitchi kapena yomwe anthu a m'mudzi anaumba okha njerwa, pamenepo komiti yanu ikhala ndi udindo waukulu ndithu, bola mugwirizane kaye ndi a hedi, a PEA (mlangizi wa masukulu a pulayimale a m'zoni), abusa kapena a mfumu.

Chachiwiri, pangani komiti yogwira ntchito osati ya maina

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe zambiri zimaonongekera. Timakonda kusankha anthu chifukwa choti ndi olemera kapena otchuka, kenako pamsonkhano sabwera, foni sayankha, ndipo palibe amene angalimbe mtima kuwachotsa. Sankhani anthu 7 kapena 9 basi, nambala yosagawika pakati kuti mukavota pasakhale kufanana. Mukhale mphunzitsi mmodzi, kaya wopuma pantchito ndi bwinonso chifukwa ali ndi nthawi, mayi mmodzi kapena awiri a m'mother group kapena a banki mkhonde amene anazolowera kusunga ndalama za gulu, wachinyamata amene amawerengadi pamalopo, wabizinesi wa pamsika, ndi nthumwi ya a mfumu. A mfumu eni ake, a khansala ndi a phungu musawaike mu komiti, awa muziwapatsa ulemu wawo ngati alangizi, chifukwa mawa mudzafuna kukawadandaulira ndiye simungakadandaule kwa munthu amene ndi wapampando wanu yemwe. Komanso laibulale ikangovala mtundu wa chipani, chisankho chikadutsa imatsala yokha.

Lembani malamulo anu, asapitirire masamba awiri, m'Chichewa chomveka. Alembe kuti udindo ndi wa zaka zingati (ine ndimakonda ziwiri), mumakumana liti, munthu akajomba misonkhano itatu popanda chifukwa achoke, kiyi amasunga ndani ndipo wachiwiri ali kuti, buku likasowa wobwereka achite chiyani. Pa ndalama pakhale osainira atatu, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri kusaina. Msungichuma asakhale m'bale wake wa wapampando, izi muzinene poyera tsiku loyamba lomwelo anthu asanayambe kuchitirana manyazi. Mlembi azilemba zomwe mwagwirizana pamsonkhano uliwonse mu hadikava imodzi, yomwe aliyense wa m'dera angapemphe kuiona.

Mukakhazikika, kalembetseni ku khonsolo kudzera ku ofesi ya Social Welfare ngati gulu la m'dera, kuti mukhale ndi kapepala kokuzindikirani. A banki akachifuna potsegula akaunti, ndipo mabungwe ambiri sapereka kanthu kwa gulu lopanda pepala. Ngati mukufika poti mukhale ndi malo anuanu ndi nyumba, funsani odziwa malamulo za kulembetsa matrasti (anthu osunga katundu m'malo mwa gulu) pansi pa Trustees Incorporation Act kuti malowo alembedwe m'dzina la gulu, asadzapezeke kuti ndi a munthu mmodzi ana ake n'kudzawalanda iye atamwalira.

Chachitatu, yambani kuwerenga anthu

Gulani kope, ikani pakhomo, aliyense wolowa alembe tsiku, kaya ndi mwana wa pulayimale, wa sekondale kapena wamkulu, mwamuna kapena mkazi, ndi chomwe wabwerera. Mabuku onse awerengedwe, adindidwe chidindo, alowe mu kaundula. Ndi ntchito yotopetsa, inde, koma miyezi itatu ikatha muli ndi chida m'manja. Kupita kwa a khansala n'kunena kuti ana akuvutika, aliyense amanena zomwezo. Koma kupita n'kunena kuti mwezi wathawu analowa ana mwakuti, mipando ilipo mwakuti, a fomu 4 akulimbirana buku limodzi la Biology MSCE ili pafupi, munthu amayamba kukumverani mosiyana.

Chachinayi, gogodani makomo a akuluakulu, ndipo musagogode kamodzi

Chitukuko cha m'boma chili ndi njira yake yodzera. Chimayambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), chipite ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera lonse) ya kwa T/A, kenako ku khonsolo komwe chimalowa mu mapulani a boma lonse. Ngati mawu oti laibulale sanamveke ku VDC, musadabwe ndalama za CDF (thumba la chitukuko la dera la phungu) zikathera ku milatho ndi mijigo yokha, nazonso ndi zofunika koma wina anaziyankhulira. Ndiye tumizani anthu awiri a komiti kumsonkhano uliwonse wa VDC ndi ADC, pemphani nkhani yanu ilembedwe mu maminitsi, tengani kalata yosainidwa ndi a gulupu, ina mukasiye kwa a khansala ina kwa a phungu ina ku ofesi ya a DC, ndipo kope yanu idindidwe kuti yalandiridwa. Pemphani chinthu chimodzi chooneka chokhala ndi mtengo wake, monga malata 40 kapena sola ya mababu, osati kungoti tithandizeni. Pakatha masabata awiri imbani. Pakatha mwezi pitaninso.

Mukumana ndi anthu onena kuti masiku ano zonse zili pa foni, laibulale ndi ya chiyani. Ayankheni modekha, bandulo imagulidwa ndi ndalama, ndipo mwana wa m'nyumba ya chipinda chimodzi momwe muli wailesi, alendo ndi ana olira alibe poti akhale chete n'kuwerenga. Akumbutseninso za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene analeka sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002, n'kumakabwereka mabuku pa kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, Chingerezi chake chinali chovutikira moti ankatsatira kwambiri zithunzi, mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14 pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi njinga yakale. Kachipinda kaja kakanakhala kokiya tsiku limenelo bwenzi nkhani yonseyi kulibe.

Gwiritsaninso ntchito wailesi ya m'dera lanu, amakonda nkhani zotere. Pa 8 September dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la kulemba ndi kuwerenga, pa 23 April ndi tsiku la mabuku, masiku amenewa itanani akuluakulu aja abwere, koma m'malo mwa zolankhula zitalizitali aikeni pampando amvere mwana wa sitandade 3 akuwerenga nthano mokweza.

Chachisanu, ndalama: yambirani pakhomo

Andrew Carnegie, mponda matiki wa zitsulo wa ku America wobadwira ku Scotland, anamangitsa malaibulale oposa 2,500 m'maiko osiyanasiyana, koma sankangopereka. Tauni yofuna nyumbayo imayenera kupereka malo komanso kulonjeza kuti chaka chilichonse iziika ndalama yokwana 10 peresenti ya mtengo womangira kuti laibulaleyo iziyenda. Mfundo imeneyi ine ndimagwirizana nayo kwambiri, kumanga ndi kosavuta poyerekeza ndi kugula tsache, mababu, guluu womatira mabuku ndi mankhwala a chiswe chaka ndi chaka.

Ndiye lembani bajeti ya chaka, yaing'ono yoona, muimate pakhomo. Kenako sakani ndalama m'njira zomwe anthu anazizolowera kale. Big walk imagwira ngati mwauza masukulu ndi matchalitchi nthawi ilipo. Bonanza ya mpira wa miyendo ndi wa manja imakoka achinyamata. Ku matchalitchi ndi ku mizikiti pemphani tsiku limodzi pachaka la chopereka cha laibulale. Kumudzi musaumirire ndalama, nthawi yokolola banja lililonse lipereke chigoba cha chimanga kapena mtedza, musunge bwino mudzagulitse mitengo ikakwera. Kalipentala atha kupereka tsiku limodzi lokhoma mashelefu, wa hadiweya misomali, wa kabaza kunyamula makatoni, zonsezi zilembedwe ngati chopereka ndipo maina awo atchulidwe pamsonkhano.

Ana a m'dera lanu amene ali ku Lilongwe, ku Joni kapena ku UK, ambiri ali ndi mtima wothandiza kwawo koma anapsapo kale, anatumiza ndalama ya chitukuko osaonanso komwe inapita. Apa ndiye mutsegule gulupu ya WhatsApp ija. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya laibulale yokha osati yomwe msungichuma amagulira ndiwo, ndipo ndalama ikangolowa ilengezedwe tsiku lomwelo, ikatuluka jambulani lisiti muponye pagulupu, shelefu ikakhomedwa jambulaninso. Kutha kwa mwezi uliwonse kalipoti ka mizere isanu, zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati. Ngakhale mwezi womwe simunapeze kalikonse lembanibe kuti sitinapeze kalikonse. Munthu amene waona K5,000 yake itasanduka mpando amatumizanso osapemphedwa.

Za kulipiritsa owerenga samalani nazo. Akulu obwereka mabuku kupita nawo kunyumba atha kupereka kangachepe pachaka, koma mwana wobwera kudzawerenga pomwepo asabwezedwe pakhomo chifukwa cha ndalama.

Chachisanu ndi chimodzi, tsopano pemphani mabuku

Mwaona kuti mabuku ndawaika kumapeto, ndachita dala. Book Aid International ya ku UK yakhala ikutumiza mabuku atsopano kuno kudzera ku National Library Service kwa zaka zambiri, ndiye khomo loyamba kugogoda ndi nthambi ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi. African Library Project ya ku America imatumiza mabuku pafupifupi 1,000 pa laibulale imodzi kudzera kwa mabungwe omwe imagwira nawo ntchito kuno, koma imafuna muonetse kuti chipinda chilipo, mashelefu alipo, komiti ilipo ndi munthu woyang'anira alipo. Inu zonsezi mukhala mutapanga kale.

Musaope kukana mabuku osathandiza. Buku la malamulo a misonkho a dziko lina kapena la kompyuta zomwe zinatha kalekale limangodya malo. Ndalama yanu yochepayo muzigulira zomwe thandizo lakunja silibweretsa, mabuku a silabasi yathu, mapepala a mayeso akale a MANEB, nthano za m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao malinga ndi dera, za ulimi ndi za umoyo, komanso nyuzipepala ngakhale kawiri pasabata, chifukwa nyuzipepala ndi yomwe imakoka abambo ndi achinyamata osaka ntchito.

Chomaliza, odzipereka ndi chitetezo

Munthu wodzipereka naye ali ndi munda ndi ana, musamusenzetse sabata yonse yekha. Pangani ndandanda, aliyense theka la tsiku kamodzi kapena kawiri pasabata, muimate pakhomo limodzi ndi maola otsegulira, ndipo maolawo asungidwe ngakhale kukugwa mvula, mwana akapeza loko kawiri sabweranso. Achinyamata omaliza fomu 4 amene akudikira zotsatira ndi abwino kwambiri pa ntchitoyi, apatseni kalata yaumboni akamachoka iwathandize posaka ntchito. Pemphani a National Library Service kapena woyang'anira laibulale ya sekondale yapafupi adzawaphunzitse kasanjidwe ka mabuku ndi kamatidwe ka ong'ambika. Pa nthawi ya ana pazikhala akulu awiri, osati mmodzi.

Moto nawo musauiwale. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anathera pomwepo usiku umodzi. Itanani wodziwa magetsi adzaone mawaya, kandulo ndi mbaula zisalowe, ndowa ya mchenga ikhale pakona, ndipo kaundula wa mabuku mumujambule pafoni asungidwe kwa anthu awiri osiyana. Mashelefu atalikirane ndi khoma pang'ono, miyendo yake isagunde dothi, katoni isagone pansi ngakhale sabata imodzi. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse komiti yonse ibwere ndi matsache, musunthe shelefu iliyonse muone kuseri ngati chiswe chayamba kumanga kanjira kake.